Misangu ya anyina Tionge

Ku Kaseye mukafunsa za Eneless anthu amangoyang'anana, chifukwa dzina limenelo linatsalira m'buku la kutchalitchi. Koma mungoti anyina Tionge, mayi wa Chichewa uja wa mitengo yaminga, ngakhale wopalasa njinga amatsika n'kukulozerani njira: mudutse pachigayo, mukhotere kumanzere, mutsike mpaka mumve mtsinje. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi lake, ndipo Chitumbuka chake mpaka lero chimayenda motsimphina. "Monire" amanena bwinobwino, "yewo" bwinobwino, kenako basi, wagwera m'Chichewa.

Kwawo ndi kuchigwa cha Bwanje, ku Ntcheu, kotentha kuja. Anakwatiwa ndi Rodwell Sikwese, mnyamata wa ku Chitipa amene ankayeza thonje pamsika wa kumeneko. Chaka cha 1994, anthu ali kalikiliki kuvina kuti boma lasintha, msika uja unatsekedwa, ndipo Rodwell anati tiyeni kwathu, munda uliko. Anayenda masiku atatu. Kuchokera pa Karonga anakwera lole, pamwamba pa matumba a mchere, n'kufika pa Chitipa ali ofiira ndi fumbi mpaka nsidze, mwana wawo Tionge ali kumbuyo. M'katundu wa Eneless munali miphika iwiri, mphasa, ndi kathumba ka nyemba zamsangu, zopindikapindika zija, zofiirira ngati njerwa. Musaganize kuti anali ndi nzeru zoona kutali ayi. Anangoona kuti mtengo wa m'munda mwa amayi ake sangausenze, ndiye anatola zimene akanatha kunyamula.

Tsono kwa amene simuudziwa, msangu ndi mtengo wamakani. Mitengo yonse ya Mulungu ikamaphuka ndi mvula, iwo ndi pamene umayoyola masamba ake onse n'kuima mbuu, nthambi zokhazokha, ngati wadutsidwa ndi moto. Masamba aja amaolera pansi, chimanga n'kumadya, ndipo dzuwa limafika pa mbewu popanda chotchinga. Mvula ikatha, anzake akayamba kufota, iwo ndiye umavala, n'kutulutsa maluwa ngati timichira toyera mwachikasu, tonunkhira moti njuchi zimachita kusokosera. Ku Bwanje zimenezi amazidziwa ndi mwana yemwe. Kumtunda kuno, kumudzi kwa a Sikwese, kunalibe amene anauonapo.

Munda umene Rodwell anautama njira yonse unali wotopa. Unayambira pamsewu wa ngolo n'kutsetserekera kumtsinje, mchenga wokhawokha, ndipo chimene chinkakondwa m'menemo ndi kaufiti basi. Eneless anauyang'ana, n'kuyang'ana mwamuna wake. Rodwell anakanda m'mutu n'kunena kuti kale sunali chonchi.

Mvula yoyamba itagwa, Eneless anaswa nyemba zina, natenga njere n'kuzikwirira chakumunsi kwa munda. Anadikira sabata, anadikira mwezi, kuli zii. Atafukula anazipeza njere zili gwa, zonyezimira monga anaziikira. Zinamupweteka zedi, mpaka ankaganiza kuti nthaka ya kuno yamukana iyeyo pamodzi ndi njere zake. Patapita miyezi, akusesa pakhola la mbuzi, ndi pamene anadziseka yekha. Kodi kwawo anaonapo ndani akudzala msangu? Amadzala ndi mbuzi ndi ng'ombe! Njere ija khungu lake ndi lolimba, imafuna idutse kaye m'mimba mwa chiweto kuti ifewe. Anatenga nyemba zotsalazo n'kupatsa mbuzi ziwiri zimene anazimangirira masiku atatu, ndipo m'mawa uliwonse ankawola ndowe zake n'kusunga m'dengu. Akazi anzake ankamusuzumira n'kumagwirana pakamwa, ati Achewa ndiwo zawo n'zachilendo.

Panali vuto lina, lalikulu kuposa la njere. Pamudzi umenewo mkazi wobwera sadzala mtengo. Chimanga adzale, nyemba adzale, mbatata ndi mawere, zonse zimene zimatha ndi chaka. Koma mtengo umakhalitsa, ndipo munda wokhala ndi mitengo yodzala ndi manja umakhala wa nyumba ya wodzalayo mpaka mitengoyo itafa. Mkazi wolowoledwa akadzala, ndiye kuti akufuna kulanda nthaka ya eni ake. Rodwell anamufotokozera zimenezi motsitsa mawu, ngati wapalamula ndi iye.

"Ndiye dzalani ndinu, abambo a Tionge," anatero Eneless.

"Ine? Ine ndimadziwa sikelo."

Anagwirizana chonchi: Eneless azikumba ndi kukwirira, Rodwell aziima pafupi. Munthu akatulukira panjira, Rodwell azilanda khasu msangamsanga, Eneless n'kukhala pansi ngati wangobweretsa madzi akumwa. Abale inu, mukanamuona mwamuna uja atagwira khasu ngati cholembera, akupukuta thukuta limene panalibe! Koma zinatheka. Mudzi wonse unadziwa kuti Rodwell wabwera ndi mitengo yachilendo kuchokera kumwera.

Inamera makumi atatu ndi iwiri, timitengo tonga singano. Msangu uli waung'ono ndi wokhumudwitsa, chifukwa mphamvu zake zonse umazipititsa pansi, muzu kulondola madzi, pamwamba osaonetsa kanthu. N'chifukwa chake sufuna kuzulidwa n'kukaokedwa pena, umafa. Eneless anazika zikhomo pambali pa uliwonse kuti wolima ndi ng'ombe aziona, koma wolima ndi ng'ombe amayang'ana mchira wa ng'ombe, ndipo pulawo inadya isanu ndi umodzi chaka chimodzi. Mbuzi zomwe zinaubala zija zinkafunanso kuudya, ndiye chilimwe chilichonse ankautchingira ndi minga. Moto wa osaka mbewa unatenga ina. Ina inangouma yokha, kaya ndi chiswe kaya n'chiyani. Zaka zimenezo anthu anali atamva kuti ufulu wabwera, ndipo ambiri ufuluwo anayamba kuuyesera pa mitengo ya m'mapiri, nkhwangwa kulira kuyambira m'mawa. Mayi mmodzi yekha ndiye ankagwada mumchenga kupalira kamtengo kofika m'bondo.

"Anyina Tionge, mudzadya minga?" ankamufunsa opita kudimba.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," iye ankayankha, osadzutsa mutu.

Inatsala khumi ndi inayi. Chaka chachisanu inamupitirira msinkhu, zimene kwa Eneless si nkhani yaikulu, ndipo anayamba kusadza nthambi zam'munsi kuti thunthu likwere mowongoka. Chaka chachisanu ndi chinayi inachita maluwa koyamba, m'nyengo yozizira, mphepo ya Chitipa ili kuboola zovala. Eneless anaima pansi pake n'kumva fungo la kumunda kwa amayi ake, amene anali atamwalira zaka ziwiri m'mbuyomo iye osapita kumaliro chifukwa uthenga unafika mochedwa. Analira pang'ono, kenako anapita kukatunga madzi. Kuyambira pamenepo chimanga cha pansi pa misangu chinayamba kusiyana ndi chinzake: mapesi onenepa, masamba obiriwira bii, kaufiti n'kumachepa. Ofunsa za minga aja anasiya kufunsa. Ena ankati Rodwell amathira feteleza mobisa.

Mulungu anawapatsa ana aakazi awiri, Tionge ndi Fiona, wamwamuna ayi. Rodwell sankadandaula. Ankati ana ake aamuna ndi khumi ndi anayi, ali kumunda, ndipo sapempha nsapato.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Disembala 2007, chimanga chitangomera, Rodwell anadwala chifuwa masiku asanu ndi limodzi n'kumwalira ku chipatala cha pa Boma. Tionge anali atakwatiwa ku Lufita chaka chomwecho, Fiona ali kupulayimale. Pamaliro panabwera Blackson, mkulu wake wa Rodwell, amene anachoka pamudzi kalekale kupita kumigodi ya ku Zambia, ndipo Eneless ankangomudziwa pachithunzi. Sanabwere yekha. Anatsika ndi mkazi, ana asanu, matiresi ndi wailesi yaikulu yosalira, ndipo aliyense anaona kuti munthuyu sabwereranso. Ntchito inali itamuthera zaka zapitazo, tauni n'kumutafuna mpaka kumulavula. Sanali munthu woipa, tisamunamizire. Anali bambo wotuwa m'mutu, wa ana asanu, wopanda ngakhale mzere umodzi wa chimanga.

Atatha masabata awiri abale anakhala pansi pakhonde la a Wilson, bambo wawo wamng'ono wa Rodwell ndi Blackson. Eneless anamukhazika pamphasa chapatali, atafunda nsalu kumutu. Namfedwa pamsonkhano wotere sayankhula, amangomva.

"Munda ndauona dzulo," anatero Blackson. "Ndauzungulira wonse. Mitengo ija mng'ono wanga anadzala, khumi ndi inayi, yonse yauma. Mvula yonseyi, tsamba ngakhale limodzi! Yapita ndi mwini wake. Ikanakhala yamoyo sindikanatsegula pakamwa, munda ukanakhala wa nyumba yake. Koma mtengo wouma ndi nkhuni."

Apa ndiye pamandikwiyitsa ine. A Wilson ankadziwa. Zaka khumi ndi zitatu ankadutsa pamunda umenewo popita kudimba, ndipo mbuzi zawo zinanenepa ndi nyemba za mitengo yomweyo. Enanso awiri pakhondepo ankadziwa. Koma anayang'ana ana a Blackson atakhala mondondozana pa mpanda, anayang'ana mkazi wobwera wopanda mwana wamwamuna, ndipo a Wilson anangotsokomola n'kuyamba kufufuza kanthu m'thumba la jekete. Magazi ndi magazi. Anagamula kuti munda ubwerere kubanja, Blackson aulime, ndipo kumapeto kwa Januwale kukhale mwambo womusudzula namfedwa kuti azipita kwawo.

Eneless ananong'oneza mayi amene anakhala naye pafupi kuti, "Auzeni siyinaume." Mayiyo anamugwira bondo n'kunena kuti, "Pepani, anyina Tionge, chisoni chimatero."

Kwawo kuti? Amayi ake kulibe, munda wa amayi ake anagawana ang'ono ake, ndipo ku Bwanje amene akanamuzindikira ndi manda okha. Manda a mwamuna wake ali kuno, ana ake ali kuno. Anaganiza zopita yekha kwa Blackson, koma namfedwa wa masabata awiri sagogoda pakhomo la mlamu wake kukatsutsa zimene akuluakulu agamula. Komanso akanati chiyani? Kuti dikirani mpaka Meyi muone masamba? Meyi anali kutali, Januwale ali pakhomo. Mtima unamuthera. Chimanga chinafika popalira, iye khasu analisiya pakhonde mpaka linachita dzimbiri. Ankati ndipalirirenji chimanga choti sindidzadya. Udzu unakondwa, unakwera mpaka kulingana ndi mbewu.

Mwambo wosudzula umafuna anthu, anthu amafuna kudya, ndipo kuphika kumafuna nkhuni. Mu Januwale nkhuni zouma ndi golide, chilichonse chimakhala chonyowa. Blackson sanavutike kuganiza. Anali ndi mitengo khumi ndi inayi youma ili chiimire, yokwana kuphikira mudzi wonse. Safunsa anadya phula. Lachiwiri m'mawa, kamvula katangokata, anabwereka nkhwangwa n'kutsetsereka.

Eneless anali kumtsinje akutsuka mbale pamene anamva. Go! Kenako go! Kulira kwa nkhwangwa anakuzolowera, koma uku kunkachokera kumene sikuyenera kuchokera. Anasiya mbale m'madzi. Anathamanga mayi uja, nsalu yakumutu n'kutsalira pa chitsamba, akudumpha mizere ngati mtsikana, zoti ndi namfedwa ataziiwala. Anamupeza Blackson pa mtengo waukulu kuposa yonse, wa pafupi ndi chulu, atavula malaya.

Koma nkhwangwa inali itasiya kale kulira. Blackson anaima chilili, m'manja muli chibenthu cha mtengo. Ankachitembenuza uku ndi uku. Chinali choyera, chonyowa, cholemera, ndipo pakhungwa pake panali pobiriwira. Pabala la mtengo pankatuluka madzi. Munthu amene anakulira kumudzi, ngakhale atakhala kumigodi zaka makumi atatu, nkhwangwa ikalowa mu mtengo wamoyo amamva m'mikono.

Eneless anagwada potero, monga mkazi amagwadira mlamu wake wamkulu, akupuma mwabefu.

"Alamu," anatero, "umenewo ndi msangu."

"Ndi wamoyo uwu," anatero Blackson, ngati akumuuza nkhani yachilendo.

"Yonse ndi yamoyo."

Blackson anapita pa wina n'kukanda khungwa ndi chikhadabo. Pobiriwira. Anapita pa wachitatu, anathyola kansonga ka nthambi, minga n'kumubaya, koma kansongako kanangopindika osathyoka. Sanalekere pomwepo, munthu wamakani ngati mtengo womwewo. Anayenda pa yonse khumi ndi inayi, akupyola m'maudzu onyowa, Eneless ali chigwadire. Atabwerako anakhala pachulu n'kuika nkhwangwa pansi.

"Nanga masamba ali kuti, mulamu?"

"Mwawaponda."

Blackson anayang'ana pansi. Eneless anakankha udzu ndi dzanja n'kufukula pang'ono, natapa dothi lakuda, lofewa, losakanikirana ndi timasamba tating'onoting'ono toola. Anatambasula dzanja kuti aone. Kenako anamufotokozera zonse, Chichewa chikuthamanga, Chitumbuka chikugwera m'kati mwa apo ndi apo: kuti umavula ndi mvula, umavala ndi chilimwe, maluwa amabwera kukazizira, nyemba zimagwa kukatentha. Anamulozera chimanga cha pansi pa mitengo, chimene ngakhale chinali m'tchire chinali chitasiya chakumtunda ndi chikhatho chathunthu. Blackson ankangoti, "Mukwai," mawu aulemu a ku Zambia, n'kumagwedeza mutu.

"Abambo aang'ono amadziwa zimenezi?"

Eneless anabwezera dothi lija pansi n'kulisalaza ndi dzanja. Blackson anamva.

Anakhala nthawi akuyang'ana bala lija. Kenako anafunsa, osamuyang'ana, "Rodwell anazidziwira kuti zonsezi? Mwana uja ndinamusiya asakutha kudzala ngakhale phesi la chinangwa."

Apa Eneless anaona njira ziwiri. Akati anadzala ndi Rodwell, munda ndi wa nyumba ya Rodwell, nkhani yatha bwino. Akanena zoona, ndiye kuti waulula yekha kuti mkazi wobwera anaswa mwambo zaka khumi ndi zitatu, pamaso pa munthu amene akufuna mundawo. Bodza linali pafupi, lokonzakonza, loti mudzi wonse unalivomera kale. Koma anali atatopa, ndipo mwamuna amene ankamugwirira bodzalo anali m'manda.

"Ndinadzala ndine, alamu. Ang'ono anu ankangolanda khasu munthu akamadutsa."

Blackson anamuyang'ana. Kenako phwete! Anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti, "Ndiye Rodwell ameneyo! Ndiye yemweyo!" Kuseka kuja kunapitirira mpaka kunasintha, mapewa n'kuyamba kugwedezeka mwa mtundu wina, ndipo anabisa nkhope m'malaya amene anali atawavula. Pamaliro sanalire, anali wotanganidwa ndi kulandira anthu. Eneless anayang'ana kumbali kuti amupatse ulemu.

Atadzipukuta anati, "Ndili ndi ana asanu, mulamu."

"Ndawaona."

"Sindikudziwa kuti ndiwadyetsa chiyani."

"Kumtunda kuja, kuchokera pamsewu wa ngolo kufika pa mwala, ife tinkangolima theka. Manja anali ochepa. Theka linalo mukhoza kulima."

Blackson anayang'ana kumtunda kuja. Ananyamuka n'kutsikira kumtsinje, ndipo Eneless anaganiza kuti basi, wapita, nkhani ikathera pakhonde la a Wilson monga inayambira. Koma anabwerera atanyamula dothi lamakande m'manja onse awiri, likudontha. Anagwada pa mtengo uja n'kuyamba kumata pabala, mosamala, akusalaza ndi chala chachikulu m'mbali monse. Dothi litachepa anapitanso kukatenga lina. Atamaliza anasamba m'manja ndi udzu wonyowa, navala malaya, nanyamula nkhwangwa paphewa.

"Upola?" anafunsa.

"Upola. Mwangoluma kawiri."

"Mwati masamba amabwera liti?"

"Mvula ikatha. Meyi, mwina Juni."

"Chabwino. Za anadzala ndani, ine sindinamve. Nkhuni ndikauza abambo aang'ono kuti sizikufunikanso." Anayenda mapazi angapo n'kutembenuka. "Akadzatuluka masambawo mudzandiitane, mulamu. Ndikufuna ndidzaone ndi maso anga."

Eneless anatsala chigwadire mpaka mutu wa Blackson unabisika kuseri kwa chimanga. Meyi. Anawerenga pa zala, ngati sakudziwa: miyezi inayi kupitirira tsiku limene anayenera kukwera lole. Anadzuka, mawondo ali matope okhaokha. Kunyumba kunali kutali kuti akatenge khasu, ndipo sanafune kudikira. Anawerama pamzere woyamba n'kuyamba kuzula udzu ndi manja.